NyaZiba wa Nyemba ndi Gulu la Lachitatu

Ku Manyamula mukafunsa za Dyness Ziba, ambiri sangamudziwe. Koma munene kuti NyaZiba wa nyemba, aliyense akulozerani malo ake pamsika.

Dyness anabadwira kufupi ndi Embangweni, m'banja la alimi a chimanga. Njinga anaphunzira ali wamng'ono, ya bambo ake, akupalasa chopendekeka mwendo ataulowetsa pansi pa felemu chifukwa pachishalo samafikapo. Sukulu analekezera Fomu 2. Kenako anakwatiwa ndi Jonasi Gausi, mlimi wa fodya, munthu wosayankhulayankhula, nakakhala kwawo kwa mwamunayo, m'mudzi wina kumadzulo kwa Manyamula. Ali ndi ana atatu.

Geni yake inali ya nyemba ndi mtedza. Ankazungulira m'midzi ya kumalire ndi Zambia, kugula kwa alimi, kumanga thumba pakaliyala, n'kubwera nalo pamsika. Malonda akachuluka ankatumizanso ku boma. Anthu ankamukonda chifukwa cha kuseka kwake. Ngakhale wobwera kudzangofunsa mtengo ankachoka atagula.

Ali ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri, chala cha dzanja lake lamanzere chinayamba kugwedezeka chokha akapuma posankha nyemba. Iye anati ndi kutopa. Patapita miyezi, dzanja lonse linayamba kunjenjemera. Nkhope nayo inauma, moti makasitomala ankamufunsa kuti, “Kodi mwakwiya nafe, NyaZiba?” pamene iye mumtima akuseka. Choopsa kwambiri chinali miyendo. Akafika pakhomo kapena pamalo popanikiza, mapazi ankakanirira pansi ngati apondapo ulimbo.

Apongozi ake anamutengera kwa sing'anga. Amayi a umanyano, gulu la amayi la ku tchalitchi kwawo, anabwera kudzapemphera naye. Kuchipatala cha mishoni ku Embangweni atamupima anamutumiza ku Mzuzu, ndipo kumeneko dokotala anamuyendetsa m'chipinda uku ndi uku, namuuza kuti atsegule ndi kutseka zala mofulumira.

“Matendawa amatchedwa Parkinson,” anatero dokotalayo. “Ndi a mu ubongo. Si ufiti, si mowa, ndipo sapatsirana. Ambiri amawadwala atakalamba, koma alipo ena amene amawayamba pa msinkhu wanuwu.”

“Amachira?” anafunsa Jonasi.

“Sachira. Koma mankhwala amathandiza, ndipo mayiwa akhoza kukhala zaka zambiri akugwira ntchito zawo.”

Dyness anangomva mawu oyambawo. Enawo anamudutsa.

Mankhwala anathandizadi. Akamwa, thupi linkamasuka kwa maola angapo, kenako n'kuyambanso kumangika. Koma panali chinthu china chimene iye mwini sankachimvetsa. Ngakhale tsiku limene mapazi akukana kudutsa pakhomo, akangokwera njinga miyendo inkazungulira bwinobwino ngati kale.

Chimenechi ndicho chinamubweretsera mavuto. Pa maliro ena m'mudzi woyandikana nawo, amayi anapangana zokatunga madzi kumjigo. Dyness ananyamula ndowa, koma atafika pachipata cha mpanda miyendo inakana. Anaima pomwepo, amayi ena akudikira kumbuyo kwake, mpaka wina anamulanda ndowayo namukhazika pamthunzi. Masana kunamveka kuti mchere watha. Pofuna kuti naye athandizeko, anakwera njinga, nathamangira ku Manyamula, n'kubwerako mphika usanaphulidwe.

Akupereka mcherewo, Felesta, mchemwali wake wa Jonasi, anayankhula mokweza kuti onse amve.

“Matenda a alamu anga ndi ochenjera chomene. Ndowa amaidziwa, koma njinga saidziwa.”

Amayi anaseka, ena atagwira pakamwa. Dyness atafika kunyumba analowetsa njinga m'chigafa cha fodya, naifunditsa masaka. Mumtima anati ngati akudwala, adwale ndithu, anthu aone.

Kuyambira pamenepo pamsika anasiya. Ku tchalitchi anasiya. Ankakhala kuseri kwa nyumba dzanja atalibisa m'chitenje. Jonasi anatenga ntchito zonse. Ankamumanga mabatani a bulauzi, kumutemera nsima m'mbale, ndipo alendo akafunsa kuti mwadzuka bwanji, ankayankha ndi iye mkazi wake asanatsegule pakamwa. Ankachita zonsezi mwachikondi, koma Dyness ankadziona ngati khanda m'nyumba yake yomwe. Masiku ena sankafuna n'kudzuka komwe.

Mvula inagwa n'kutha. Tsiku lina atapita ndi Jonasi ku boma kukatenga mankhwala, namwino wina dzina lake Margaret anamuyang'anitsitsa.

“Amama, mankhwala mukumwa, ndikuona. Koma mtima wanu ndiwo wagwa. Mumacheza ndi ndani?”

“Ali ndi ine,” anatero Jonasi.

“Ndafunsa amamawa, adada.”

Dyness anapukusa mutu. Margaret anawauza kuti kuli gulu la anthu odwala matenda omwewo, onse osafika zaka makumi asanu, amene amakumana pa foni Lachitatu lililonse masana, akuonana nkhope pa vidiyo. Woyendetsa gululo anali katswiri wa za maganizo. Gulu latsopano linali pafupi kuyamba.

“Za maganizo?” anafunsa Dyness. “Ine sindinapenge.”

“Palibe wanena kuti mwapenga. Kayeseni kamodzi. Mukapanda kukonda, mbwenu mwasiya.”

Foni yabwino anali nayo kale, imene ankafunsira mitengo ya nyemba ku boma. Vuto linali netiweki, chifukwa kumudzi inkangodukaduka. Msuweni wake wa Jonasi, amene ali ndi golosale pa Manyamula, anawalola kugwiritsa ntchito kakhonde ka kuseri kwa sitoloyo, kumene anthu sadutsako. Ndiye Lachitatu lililonse Jonasi ankamukweza pakaliyala ya njinga yake. Dyness ankawerama njira yonse. Malo amenewo anali a thumba la nyemba, ndipo tsopano ankakhalapo ndi iye.

Tsiku loyamba pa foni panaoneka tinkhope ting'onoting'ono. Mayi wina wovala magalasi anadzitchula kuti ndi Philomena, woyendetsa gululo, akuyankhula ali ku Lilongwe. Anati zokambidwa m'gulumo zizithera momwemo, ndipo palibe wokakamizidwa kuyankhula. Dyness analozetsa kamera kudenga, moti anzakewo ankangoona malata.

Anamva Modester, mphunzitsi wa ku Kasungu, akufotokoza momwe choko chimamupulumukira m'manja, ndi momwe anapezera ana a m'kalasi mwake akumuyerekeza kayendedwe. Anamva Walter wa ku Blantyre, amene kale ankayendetsa minibasi, akunena kuti anasiya ntchito anthu atayamba kukana kukwera, akuti dalaivala waledzera. Walter ankaseka pofotokoza, ndipo palibe anamufulumizitsa. Dyness sanakhulupirire kuti anthu angathe kunena zinthu zoterezi poyera. Itafika nthawi yake anangotchula dzina ndi kwawo.

“Zikomo, mayi Ziba,” anatero Philomena. “Kumvetsera nakonso ndi kukhala nafe.”

Sabata yotsatira anabweranso, ngakhale anauza Jonasi kuti akungofuna kumva ngati Modester anawalanga ana aja. Philomena anawaphunzitsa kupuma pang'onopang'ono mantha akabwera, chifukwa mantha amawonjezera kunjenjemera. Anawaphunzitsanso kusiyanitsa chimene chachitikadi ndi chimene mtima ukuwauza kuti chachitika. Tsiku lina analola gulu lonse kungodandaula, aliyense kutchula zimene matendawo anamulanda.

Patapita masabata angapo, Philomena anafunsa funso lina.

“Ndi chinthu chiti chimene munasiya, osati chifukwa thupi lalephera, koma chifukwa cha maso a anthu?”

Dyness anapezeka akuyankhula asanaganize. Chichewa chake chinkasakanikirana ndi Chitumbuka, mawu akutuluka otsika, koma anafotokoza zonse: ndowa, chipata, mchere, mawu a Felesta, ndi njinga imene inali m'chigafa. Pomaliza ananena chimene anali asanauzepo munthu.

“Nthawi zina nane ndimadzikayikira. Munthu wolephera kudutsa pakhomo angapalase bwanji njinga? Mwina alamu anga akunena zoona.”

Walter anayandikitsa nkhope yake pa foni.

“Mayi, ine kuchoka pabedi kupita kubafa ndimagwira khoma. Koma mundipatse njinga, ndikafika ku Chilomoni inu musanamalize kuvala nsapato. Dokotala wanga anandiuza kuti matendawa amatero kwa anthu ena. Simukunama ayi.”

Dyness analira. Polira anatsitsa foni, ndipo anzakewo anaona nkhope yake koyamba. Modester anati, “Kani ndinu munthu. Ife timayesa tikucheza ndi malata.” Gulu lonse linaseka, Dyness naye anaseka misozi ili m'masaya.

Atakhazikika, Philomena anamufunsa mofatsa kuti akuganiza kuti chingachitike n'chiyani atakweranso njinga.

“Adzati ndikunama.”

“Nanga chisiyireni njingayo, asiya kukunenani?”

Dyness anaganiza. “Ayi. Pano akuti ndine waulesi.”

“Ndiye njingayo munaisiyira ndani?”

Philomena sanamukakamize kuyankha. Anangomuuza kuti iye si dokotala wa thupi, choncho Dyness akafunse kuchipatala ngati kupalasa kuli bwino kwa iye. Atafunsa, anamuuza kuti akhoza, bola azikwera mankhwala akugwira ntchito, m'njira zimene akuzidziwa, asamanyamule katundu wolemera, ndipo azisamala potsika. Komabe njinga inakhalabe m'chigafa.

Kenako inafika nyengo yogulitsa fodya, ndipo Jonasi anapita ku okushoni ku Mzuzu. Anati sabata imeneyo Dyness angojomba, adzapepesa. Lachitatu litafika, Dyness anamwa mankhwala, nakhala pakhonde akuyang'ana chigafa. Modester anali atalonjeza kuti tsiku limenelo afotokoza momwe anakambirana ndi ahedi ake, ndipo Dyness sanafune kudzamva nkhaniyo kwa wina.

Anachotsa masaka. Matayala onse anali ataphwa. Kulumikiza pampu ndi dzanja lonjenjemera kunamutengera nthawi, apongozi ake akumuonerera ali pakhomo pawo.

“Mukupita kuti, NyaZiba?”

“Ku Manyamula, amama. Ndili ndi msonkhano.”

Njira yochoka m'mudzimo imadutsa pakhomo pa Felesta, ndipo Felesta anali panja akupeta chimanga. Dyness anapuma monga momwe Philomena anawaphunzitsira, napereka moni, napitirira. Atalowa mumsewu waukulu mphepo inamuwomba kumaso, miyendo ikuzungulira yokha, ndipo anazindikira kuti akuimba nyimbo ya ku umanyano.

Potsika ndi pamene zinavuta. Atafika kuseri kwa golosale mwendo unachedwa kufika pansi, ndipo anagwa ndi njinga yomwe, nasupuka chigongono. Anadzuka, nakhala pakhonde paja, natsegula foni akupuma mwawefuwefu. Gulu linali litayamba kale.

“Mwachedwa lero, mayi Ziba,” anatero Philomena. “Kuli bwino?”

Dyness anatembenuza kamera, nawaonetsa njinga itagona pafumbi, gudumu likuzungulirabe. Anthu a ku Blantyre, ku Kasungu, ku Lilongwe ndi kwina anawomba m'manja, manja onjenjemera okhaokha. Walter anaimirira kuti avine, koma miyendo inamukanira, ndiye anangovina ndi mapewa.

Jonasi atabwerako n'kumva za kugwako, anati njingayo aimanga ndi loko. Dyness anakaitula nkhaniyi ku gulu. Philomena anati ayeserere zimene akufuna kuuza mwamuna wake, ndipo Walter akhale Jonasi. Walter anakwinya nkhope, nakulitsa mawu, nadzitcha Mngoni wa ng'ombe zambiri, moti Dyness poyamba analephera kuyankhula ndi kuseka. Anabwereza kangapo mpaka mawu ake anakhazikika.

M'mawa mwake, Jonasi atatambasula manja kuti amumange mabatani, Dyness anawagwira manjawo.

“A Gausi, mwandisamala chomene, ndipo ndikuthokoza. Koma mabatani ndisiyireni, ngakhale ndichedwe. Alendo akandifunsa, ndiziyankha ndekha. Ndikafuna thandizo ndidzakuitanani, sindidzachita manyazi. Njinga nayo musaimange.”

Jonasi anakhala pabedi, nayang'ana pansi.

“Ine ndimaopa, NyaZiba. Mukadzagwa kutali, anthu adzati Gausi anasiya mkazi wake wodwala akuvutika ndi geni.”

“Ndiye nanunso mukuopa pakamwa pa anthu, ngati ine.”

Jonasi anavomera ndi mutu. Anagwirizana kuti Dyness azinyamula theka la thumba, aziyenda m'mawa, ndipo foni izikhala yoyaka. Tsiku lomwelo Jonasi anakonza mabuleki, natsitsa chishalo kuti mapazi azifika pansi msanga.

Dyness anabwerera pamsika. Malo ake anali atatengedwa ndi wina, ndiye anayamba kumapeto kwa mzere. Kasitomala woyamba atayang'ana dzanja lake, Dyness sanalibise.

“Likunjenjemera ndi matenda, dzina lake Parkinson,” anatero. “Sapatsirana. Nyemba zili bwino, onani.”

Mayiyo anagula. Ena ankadutsa osaima, ena ankafunsa mafunso opusa, koma pofika nthawi yokolola mtedza makasitomala ake akale ambiri anali atabwerera.

Chomaliza chimene anachita gulu lisanatseke chinali kupempha mpata woyankhula ku umanyano. Anavala yunifolomu yake, mabatani atamanga yekha. Atayitanidwa kutsogolo, pakati pa mabenchi mapazi anakanirira. Amayi awiri anadzuka kuti amugwire.

“Musandigwire,” anatero Dyness. “Dikirani pang'ono. Izi n'zimene ndabwera kudzakuonetsani.”

Anachita zimene Modester anamuphunzitsa. Anapendekeka kumanja, napendekeka kumanzere, nakweza phazi ngati akudumpha chingwe, ndipo miyendo inamasuka. Atafika kutsogolo anafotokoza zimene dokotala ananena, ndi chifukwa chake tsiku limodzi lomwelo akhoza kulephera ndowa koma n'kutha njinga. Anati nkhope yake ikauma asamaganize kuti wakwiya. Sanatchule dzina la munthu. Felesta anali pabenchi yachitatu, akuyang'ana m'buku la nyimbo nthawi yonseyo.

Felesta sanapepese ndi pakamwa. Koma patapita masiku anabwera kunyumba atasenza nyemba zake.

“Alamu, izi mugule ndinu. Mavenda a ku boma amatibera pa sikelo.”

Atagwirizana mtengo, Felesta ananyamula thumbalo yekha, nalimanga pakaliyala, nayesa ngati chingwe chalimba.

“Yewo, alamu,” anatero Dyness.

Gulu la Philomena linatha patapita miyezi itatu, koma anthuwo sanasiyane. Amaimbirana okha Lachitatu, ena kubwera, ena kujomba. Modester akuphunzitsabe, ndipo polemba pabolodi amathandizana ndi ana ake a m'kalasi. Walter thupi lake lafooka kuposa kale, ndipo pali nyengo imene anasowa osayankha foni. Anali Dyness amene anamuimbira mobwerezabwereza mpaka anabwereranso. Dyness naye ali ndi masiku oipa, pamene mankhwala amachedwa kugwira ndipo pamsika sapitako. Masiku amenewo amauza Jonasi poyera kuti lero ndithandizeni.

Nkhani ya ku umanyano ija inayenda. Tsiku lina pamsika panabwera mayi wa ku Edingeni amene sanafune nyemba. Anati mchimwene wake Lyson, woyendetsa ngolo ya ng'ombe, wa zaka zongopitirira makumi anayi, akunjenjemera dzanja ndipo akukhala m'nyumba chifukwa anthu akumuti ndi chidakwa, pamene mowa sanaulawepo.

Loweruka lotsatira Dyness ndi Jonasi anapita ku Edingeni, aliyense pa njinga yake, akupuma m'njira. Anamupeza Lyson atakhala kuseri kwa khola. Dyness anatulutsa dzanja lake, naliika pabondo kuti aliwone.

“Ine si dokotala, adada, sindinganene kuti mukudwala chiyani. Koma pitani kuchipatala akakupimeni. Ngati ali matenda angawa, simuli nokha.”

Lyson anapita, ndipo anamupeza nawodi. Anayamba kumwa mankhwala. Za gulu anakana, akuti Chichewa chake n'chopereweza, anthu a m'tauni akamuseka. Dyness anauza Philomena, amene panthawiyo ankakonzekera kuyamba gulu lina. Philomena anamupempha kuti akhale nawo m'gulu latsopanolo, azilandira anthu ndi kumasulira a Chitumbuka.

Atamva zimenezi, Lyson anavomera. Lachitatu loyamba anafika pa Manyamula atavala jekete, nakhala ndi Dyness pakhonde la kuseri kwa golosale, foni imodzi pakati pawo. Itafika nthawi yake anayamba ndi mawu ochepa, Dyness akumasulira. Kenako anafika pa ng'ombe zake ziwiri zokoka ngolo, momwe anazilerera, ndi momwe zimamumverabe ngakhale mawu ake atsika ndipo chikwapu sachigwiranso bwino. Apa anasiya kudikira womasulira, nayamba kufotokoza yekha m'Chichewa chake chomwecho. Bambo wina wa ku Dedza, amene naye anali ndi ng'ombe, anamufunsa za goli, ndipo awiriwo anakambirana mpaka Philomena anawapempha mwaulemu kuti apatseko mpata anzawo.